Nyumba Yopanda Khomo, ya Matayala Anayi

Makolo athu, amene sadaone injini kapena kumva fungo la mafuta ake, adatisiyira mawu akuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndipo ine, amene kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwawaza mawu amenewa pa ana asukulu, adzukulu ndi anyamata a kumpingo monga mayi awazira nkhuku madeya, sindidalotepo kuti tsiku lina, imvi zili mbuu, ndidzaima m'garaja ya ku Manchester, m'dziko la Mangalande, ndi kuona mwamuna wamkulu, wophunzira, wokhoma msonkho, akumanga nyumba yoteroyo mwadala, ndi kuitayira ndalama, ndi kukondwa poona kuti khomo palibedi.

Mwamunayo ndi mkamwini wanga. Ndidapita kumeneko kukaona mwana wanga wamkazi ndi mdzukulu m'mwezi wa Novembala, nyengo imene dzuwa la dzikolo limangosuzumira ngati munthu wangongole. Ndipo popeza kwathu mkamwini ndiye amakhala pamudzi pa apongozi, pamene kuno ndine ndinkagona m'nyumba yake ndi kuotha moto wake, ndidaganiza zosunga pakamwa panga, monga kuyenera munthu amene ali pa chikamwini atakalamba. Koma Loweruka loyamba, m'mamawa, ndidadzidzimuka ndi kulira kwa chinthu chimene ndikadati ndi udzudzu, udzudzuwo ukadakula ngati mbuzi. Ndipo potuluka ndidapeza akamwini atagwada pa kapinga, m'manja muli rimoti, patsogolo pawo pali kagalimoto kotalika ngati mkono, kamatayala onenepa ngati maungu aang'ono, kakufuka utsi umene udandikhetsa misozi ndisadapereke n'komwe moni.

Wowerenga asaganize za magalimoto a mawaya amene ana athu ankapinda pansi pa mtengo wa mango. Aka kali ndi injini yeniyeni, ya pisitoni ndi kabuleta ndi ekizozi, ingakhale mimba yake n'njaing'ono kotero kuti supuni ya tiyi ingaidzaze ndi kutsalako; ndipo m'kamimba kameneko pisitoni imakwera ndi kutsika koposa 30,000 pa mphindi imodzi, ndiko kunena kuti 500 pa sekondi, mpaka mutu wa injini utentha kuposa madzi owira. Mafuta ake si petulo ayi. Muli methanol, amene ndi msuweni wake wa kachasu koma wochititsa khungu ndi wakupha. Muli nitromethane, amene mwa magawo 100 amatenga ngati 20, ndipo ndiye adapatsa timagalimototi dzina la nitro. Mulinso mafuta ofewetsa zitsulo, ena a iwo ndi a nsatsi, nsatsi zomwezi zimene agogo athu ankasinja ndi kudzola, zimene ine sindidayembekeze kukumana nazo kutsidya kwa nyanja zili pa ntchito yapamwamba chotere. Moto wake umachokera ku kapulagi kamene Ray Arden wa ku Amereka adayamba kugulitsa mu 1947: m'kati mwake muli kawaya ka platinamu, kamene umakayatsa ndi batire poliza injini, ndipo ukachotsa batireyo kamakhalabe kofiira kokha ndi mpweya wa methanol, ngati chikuni chimene chagona ndi moto mpaka m'mawa. Mtundu wa matayala akuluakuluwu udatchuka kuyambira 1999, pamene kampani ya Traxxas ya ku Texas idatulutsa kotchedwa T-Maxx. Ndipo ngakhale masiku ano kuli tamagetsi tambiri timene timachoka ku fakitale titamatidwa kale kuti madzi asalowe, alipo amuna ena, akamwini anga ali m'gulu lawo, amene amati galimoto yosalira ndi yosanunkha n'chimodzimodzi ndiwo zopanda mchere.

Tsono mvula idagwa masiku asanu osakata, monga mwa mwambo wa mzindawo, ndipo akamwini, ataona pa YouTube anzawo a kutali akuwolotsa timagalimoto tawo pa mitsinje, mtima wawo udakhumba madzi. Apa mpamene ntchito yomanga nyumba ija idayamba, ndipo idatenga madzulo atatu.

Choyamba adatulutsa risiva, kabokosi kochepa ngati ka machesi, kamene kamamva mawu a rimoti ndi kuwagawira ziwalo. Nakalowetsa m'baluni yofiira imene idatsala pa phwando la kubadwa kwa mdzukulu wanga, napaka girisi pakhosi pa baluniyo pomwe mawaya atulukira, namanga khosilo ndi kachingwe kapulasitiki kamano, kaja kamene kakamanga sikadziwa kumasula. Mwana adaona baluni yake ikumezedwa ndi galimoto, nayang'ana amake, amake nayang'ana kudenga. Batire nayonso idavekedwa baluni yakeyake, yachikasu. Pambuyo pake adagwira maservo awiri, amene ndiwo manja a galimotoyo, ina yokhotetsa matayala, ina yoponda moto ndi mabuleki. Nawatsegula, nathira girisi wa m'maboti pozungulira kamtengo kamene kamatulukira pamwamba, naikapo kamphete kamphira, nawatseka, nawaviika m'chitini cha mphira wamadzimadzi, nawapachika pa waya kuti aume, ali lende ngati mbewa zowamba. Ngakhale matayala sadawasiye, pakuti m'mikombero yake muli tizibowo topumira, ndipo m'kati mwa tayala lililonse muli siponji, imene ikamwa madzi siyiwalavula msanga, ndipo tayalalo limayamba kuvina pothamanga. Tizibowo timeneti adatimata ndi tepi. Ma bearing onse adawapaka girisi, kuopa dzimbiri. Ine ndidakhala pa mpando wa pulasitiki, bulangete lili m'mawondo, ndikuwerenga makomo amene ankatsekedwa limodzi ndi limodzi, ndipo pofika pa la khumi ndi chiwiri mwambi uja udayamba kundiyabwa pakhosi ngati chitedze.

Koma ndisanaulavule, ndidayamba kuusinkhasinkha, chimene ndi chinthu choopsa kuchita ndi mwambi. Akuluakulu amasimba kuti Ndadziwakale adapita kwa mnzake kukaphunzira kumanga, ndipo mnzakeyo akati zika nsichi chotere, iye ankati ndadziwa kale. Akati manga mbalo chotere, ndadziwa kale. Kufikira mphunzitsi adatopa nangokhala chete asadafike pa nkhani ya khomo. Mibadwo yonse yamuseka munthu ameneyu, ndipo inenso ndamuseka. Koma nditakhala m'garaja muja ndidaona kuti mwina tidamulakwira, ndipo kuti tchimo lake lidali lobadwa nthawi yake isadakwane. Pakuti taonani, dziko la lero likufunafuna amisiri a nyumba zopanda makomo ndi kuwalipira bwino: foni imene ili m'thumba mwanu ilibe chitseko chotulutsira batire, wotchi ya pamkono adaimata kuti musambe nayo, ndipo wogulitsa amakweza mtengo pa khomo lililonse limene wachotsa. Ndadziwakale akadakhala ndi moyo lero, bwenzi ali ndi ofesi ya makapeti ndi mlembi womuyankhira mafoni, ndipo mnzake uja womanga makomo bwenzi akupempha ganyu pa geti pake.

Ngakhale m'Malembo luso lomata lili ndi ulemu wake. Nowa adalamulidwa kupaka chingalawa phula m'kati ndi kunja komwe, ndipo amake a Mose adamata kabokosi ka gumbwa asadakaike pakati pa mabango a mu Nailo. Pamene Farao, amene adalowetsa magaleta 600 osankhika m'Nyanja Yofiira osapakapo girisi ngakhale pa gudumu limodzi, mbiri yake tonse tikuidziwa. Ndidawauza akamwini zimenezi, ndipo adandithokoza mwaulemu, ali kalikiliki ndi tepi.

Komatu chingalawa cha Nowa, pamodzi ndi phula lake lonse, chidali ndi khomo m'nthiti mwake ndi zenera pamwamba, chifukwa m'katimo mudali zamoyo zopuma. Ndipo apa mpamene pagona tsoka lonse la galimoto ya nitro. Risiva ndi maservo sizipuma, mukhoza kuzikulunga ngati chigumu m'masamba a nthochi ndipo sizidandaula. Injini ndi chamoyo. Iyenera kumeza mpweya pa kabuleta ndi kuutulutsa pa ekizozi kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo tsiku limene mudzaimata pakamwa ndi tsiku lomwelo la maliro ake. Chotero mmisiri, atatseka makomo khumi ndi awiri, amakakamizidwa kusiya la khumi ndi chitatu lili pululu, lomwe ndi lalikulu kuposa onse, loyang'ana kumene moto ukuyaka. Madzi saiwala khwawa, ndipo sanyoza khomo lotsegula. Choipa china n'chakuti mpweya ukaupanikiza umagonja ndi kuchepa, pamene madzi ndi aliuma, salola kupanikizidwa ngakhale pang'ono. Tsono madontho owerengeka okha akalowa pamwamba pa pisitoni imene ikukwera ndi ukali wake wonse, pisitoniyo imagunda ngati pa mwala, ndipo kamwendo kachitsulo koikankha, kamene amakaniki amati conrod, kamapindika kapena kuthyoka. Onjezani apo kuti chitoliro chimene pisitoni imayendamo adachipanga chothina pamwamba, kuti chikatentha chifutukuke ndi kukwana bwino. Chikathiridwa madzi ozizira mwadzidzidzi chimabwerera msanga ndi kuifinya pisitoni, monga nsapato ya tchalitchi ifinyira phazi lotupa.

Palinso chinthu china chimene chidandichititsa mantha ndi kundiseketsa nthawi imodzi. Galimoto yamagetsi, ubongo wake ukanyowa, kawirikawiri imaima ndi kudikira mwini wake. Ya nitro siitero, chifukwa moto wake, ukangoyaka, sudaliranso batire kapena rimoti; risiva ikamwa madzi kabuleta ili yotsegula, galimoto imapitirira ulendo wake yokha, yosamva kuitana, yosadziwa mbuye, kufikira mafuta atatha kapena itakumana ndi khoma, galu kapena akakolo a munthu wosalakwa. N'chifukwa chake eni nzeru amamangirira kasipiringi kokokera kabuleta kuti itsekeke yokha servo ikafooka. Ndidafunsa ngati kasipiringi koteroko kalipo ka ana amene tidawatumiza ku sukulu za kutali, koma akamwini adayesa sadamve.

Pofuna kunyenga madzi, iwo adachita chimene anzawo onse amachita: popeza khomo silingatsekedwe, adalisamutsira padenga. Adalumikiza kapaipi kamphira pa kabuleta, nakakweza pamwamba pa kagalimoto ngati chitamba cha njovu yowoloka Shire, naika sefa ya siponji yonyowetsedwa ndi mafuta kunsonga kwake. Chitambacho chidasintha kapumidwe ka injini, kotero kuti madzulo ena onse adathera pa kupotokola tizisingano ta kabuleta ndi sikuludiraiva, pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, khutu lili tcheru, maso ali psuu ndi utsi, mpaka mwana wanga adatsegula zenera la khitchini ndi kufunsa ngati pa nyumbayo padakali munthu wofuna kudya.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tidapita ku bwalo lina la mpira la m'dera lawo, kumene mvula idasiya chithaphwi chachikulu ngati bwalo la gule, chosalala, chooneka chofatsa, masamba ofiira akuyandama pamwamba. Akamwini adathira mafuta, nayatsa kapulagi, nakoka chingwe, injini niyamba nyimbo yake. Ndipo ili chilirire, iwo adawerama nayamba kumasula zingwe za nsapato, kuti ayambe alowa okha m'madzimo ndi kuyesa kuzama kwake. Koma atandiona ndaima ndi ndodo yanga, ulemu udawagwira, nati, "Bambo, paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Inu mwaona madzi ambiri kuposa ine. Mukuona bwanji, kodi pakatipo m'pozama?"

Ndikadakhala munthu wanzeru monga amandiyesera kwathu, ndikadati lowani muone. Koma ine ndidawoloka Linthipe mu Febuluwale njinga ili paphewa. Ndidawoloka Bua madzi ali m'khosi, zovala zili pamutu. Ndipo kuti mwamuna wa mbiri yotere aone mkamwini wake akuvula nsapato chifukwa cha chithaphwi cha pa bwalo la mpira, chidandikhala ngati chipongwe pa mtundu wonse. Ndidapisa ndodo m'mphepete, niinyowa kutalika kwa chala chimodzi, ndidayang'ana maonekedwe a madziwo ndi diso la katswiri, ndipo ndidamva pakamwa panga, pomwe paja ndidalumbira kupasunga, pakunena momveka bwino kuti, "Akamwini, valani nsapato zanu. Madzi awa ndawadziwa kale."

Mawuwo atangotuluka ndidawazindikira, monga munthu azindikira mbuzi yake m'munda wa mfumu. Koma galimoto idali itanyamuka.

Ndiyenera kuchitira umboni kuti theka loyamba la ulendowo lidali laulemerero. Kagalimoto kadalowa m'madzi ngati mvuu yaing'ono, mafunde akugawikana uku ndi uku, nthunzi ikukwera kuchokera pa mutu wa injini, chitamba chili njo pamwamba, mdzukulu wanga akulumpha ndi kukuwa kuti, "Agogo, onani! Agogo, onani!" Azungu awiri oyendetsa agalu adaima kuti aonerere. Kenaka, pakati penipeni, pamene pansi pa madziwo padabisala dzenje la ngalande limene ndodo yanga ya m'mphepete sikadatha kulilota, mphuno ya galimoto idaweramira pansi ngati ikupereka moni kwa mfumu, chitamba chidapendekeka, nichimwa kamodzi kokha. Ndipo nyimbo ija, imene idasautsa anansi sabata yathunthu, idathera pa liwu limodzi lalifupi, ngati munthu wotsamwa ndi fupa la usipa. Padakhala bata lalikulu. Timathovu titatu tidakwera, masamba ofiira aja nabwerera pamalo pawo.

Safunsa adadya phula, amatero akale. Koma akamwini anga adafunsa, ndipo adafunsa munthu wamkulu, ndipo phulalo adalidya ndithu. Sadanene kanthu. Adalowa m'madzi ndi nsapato zomwe ndidawauza kuti avale, madziwo nawafika m'mawondo, natulutsa chuma chawo chikuchucha. Ndipo atachiika pa udzu ndi kugwira rimoti, taonani chodabwitsa: matayala akutsogolo adakhotera kumanzere, nakhotera kumanja, momvera ndi mwaulemu, ngati palibe chachitika. Atang'amba baluni yofiira ija, risiva idatuluka youma ngati mtedza m'khoko. Zipinda zonse za Ndadziwakale, zopanda khomo zija, zidapulumuka chigumula. Chidamira ndi chipinda chimodzi chokha chomangidwa monga mwa malangizo a makolo.

Madzulo ake garaja idasanduka chipatala. Injini yomira siidikira mawa, chifukwa methanol amakoka chinyezi, ndipo zitsulo zam'kati zikagona ndi madzi usiku umodzi zimadzuka ndi dzimbiri. Akamwini adakhuthula thanki, chifukwa madzi amalowanso kumeneko podzera m'kapaipi kochokera ku ekizozi; adamasula kapulagi, natembenuza galimoto chadodolido, nandipempha kuti ndigwire tochi ndi kuyang'ana pa bowo la pulagi ngati mutuluke kanthu. Ndidayandikiza nkhope monga munthu wofuna kulipira mlandu wake ndi khama. Iwo adakoka chingwe. Ndipo injini idandilavulira madzi amatope osakaniza ndi mafuta a nsatsi pa magalasi, pa ndevu ndi pa tayi yanga ya tchalitchi. Sindinganene kuti adachita dala. Ndingoti adakokanso kachiwiri ndisadachotse nkhope. Pambuyo pake adatsuka m'katimo ndi mafuta atsopano, nadonthezamo mafuta osungira injini, napopera zitsulo zakunja ndi WD-40, mankhwala amene adapangidwa ku San Diego mu 1953 ndipo ankateteza zikopa za mizinga ya Atlas ku dzimbiri, ndipo eni ake amati nambalayo ikutanthauza kuti adayesa ka 40 asadapeze msanganizo wothamangitsa madzi. Anthu amenewo, ndidaganiza ndikupukuta magalasi, adalephera ka 39 popanda mpongozi wowathandiza.

Atatsegula kumbuyo kwa injini, kamwendo kaja kadapezeka katapindika pang'ono, ngati mwendo wa nkhuku yoopa chisanu. Mwana wanga adabwera pakhomo la garaja, nayang'ana mapazi amatope amene adadutsa m'khitchini mwake, nayang'ana mwamuna wake, nayang'ana bambo wake, nati walira mvula walira matope, koma iye sadalire chilichonse mwa ziwirizo, tsono afuna adziwe amene akolope. Adawonjeza kuti kwathu amati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, koma m'nyumba mwake zikuoneka kuti zayenda chobwerera. Ndidayesa kukumbutsa onse kuti magalimoto a mawaya a kwathu, amene ndi makomo okhaokha kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, awoloka zithaphwi zonse za m'Malawi popanda baluni kapena girisi, madzi akulowa uku ndi kutulukira uko. Koma nyumbayo idali isadakonzeke kulandira nzeru zina kuchokera kwa ine tsiku limenelo, ndipo ndidakolopa.

Kamwendo katsopano kadafika pa positi Lachinayi, ndipo ndalama yake idachokera m'kathumba kamene ndidasungira mphatso za anthu a kumudzi. Mlamu wanga wina adzalandira mpango m'malo mwa jekete, ndipo sadzadziwa chifukwa chake pokhapokha atawerenga nkhani ino. Mdzukulu wanga ndidamugulira paketi yathunthu ya mabaluni, imene bambo ake adatengapo awiri usiku womwewo. Lachisanu madzulo akamwini adabwereka ndodo yanga, ya mtengo wa mlombwa, imene ndayenda nayo zaka makumi awiri. Adaiimika pambali pa kagalimoto, nayeza kutalika kwa chitamba, natsitsako zala ziwiri, nalemba mzere pa ndodoyo ndi tepi yofiira, nandibwezera ndi manja awiri, atawerama pang'ono monga adaleredwera.

Loweruka m'mamawa, anthu oyendetsa agalu pa bwalo lija adaona nkhalamba ya ku Malawi itavala jekete ziwiri ndi majombo obwereka, ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa chithaphwi, ikupisa ndodo patsogolo pa phazi lililonse ndi kuitulutsa kuti ione ngati tepi yanyowa, ndipo kumtunda mkamwini wake adaima ndi rimoti, injini ikulira, akufunsa mofuula koma mwaulemu wonse, "Bambo, nanga cha kumanzereko?"